Chiwerengero chikakula kuposa bokosi lake

Tsiku la 24 November 2024 lisadafike, mita iliyonse ya magetsi olipiriratu pa boma la Nkhotakota, ku Dwangwa ndi m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja idayenera kulowetsedwa manambala apadera, monga momwe zidalili m'dziko lonse lino ndi m'maiko ena ambiri. Bungwe la Escom lidachenjeza kuti mita yomwe siilandira manambalawo idzayamba kukana mayunitsi. Ambiri adangomvera osafunsa chifukwa chake, poti munthu safuna kugona mumdima. Koma gwero la nkhaniyi lidali masamu a ku pulayimale: kuphatikiza.

Tokeni iliyonse ya manambala 20 imanyamula chizindikiro cha nthawi yomwe idagulidwa, ndipo n'chifukwa chake mita imakana tokeni yomwe idagwirapo kale ntchito. Nthawiyo inkawerengedwa m'mphindi kuyambira pa 1 January 1993, mphindi iliyonse kuwonjezera imodzi. Vuto n'lakuti malo osungiramo chiwerengerocho adapangidwa oti azikwana mphindi 16,777,216 zokha, zomwe ndi zaka pafupifupi 32. Malowo adadzadza mu November 2024. Manambala apadera aja adasuntha tsiku loyambira kuwerenga kuchoka mu 1993 kufika mu 2014.

Kompyuta, foni ngakhalenso mita ya magetsi siziona chiwerengero mmene munthu amachionera papepala, pomwe malo akatha amangopitiriza mzere wina. Makinawa amasunga chiwerengero m'bokosi la kukula kokhazikika, loyezedwa m'mabiti. Biti ili ngati swichi ya getsi, yoyaka kapena yozima, ndipo biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa kawiri ziwerengero zomwe bokosilo lingasunge. Bokosi la m'tokeni lija ndi la mabiti 24. Lomwe lafala kwambiri m'mapulogalamu ndi la mabiti 32, ndipo malire ake ndi 2,147,483,647. Amene adakwerapo minibasi yakale pa msewu wa M5 kuchoka ku Salima adaonapo kachipangizo kowerenga makilomita kutsogolo kwa dalaivala: kakafika pa 999,999 kamabwerera pa 000,000, ngati kuti galimotoyo yangotuluka kumene m'fakitale. Bokosi la mabiti 32 limachita zoposa pamenepo. Likadzadza n'kuwonjezerapo imodzi, limagwera kunsi kwa ziro, pa -2,147,483,648.

Mabiliyoni awiri angaoneke ngati chiwerengero chomwe munthu wamba sangachifike. Koma olemba mapulogalamu a ndalama amakonda kusunga ndalamazo m'matambala pofuna kupewa chisokonezo cha madesimo, ndipo zikatero malire aja amatsika kufika pa K21,474,836.47. Tiyerekeze gulu la asodzi a chilimira ku Chia lomwe limagulitsa usipa wa K600,000 pa sabata, ndipo mlembi wake amalemba malondawo m'kapulogalamu ka pafoni komwe kadalembedwa mosasamala. Kwa masabata 35 zonse ziyenda bwino, ndalama zifika K21 miliyoni. Pa sabata ya 36, m'malo mwa K21,600,000, foni ionetsa kuti gululo lili ndi ngongole ya K21,349,672.96. Palibe tambala yomwe yabedwa, koma mlembiyo adzavutika kufotokozera anzake pansi pa mtengo kuti wolakwa ndi bokosi.

Kwacha ikamatsika mphamvu, monga idagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ziwerengero za malonda zimakula ngakhale nsomba zili zomwezo, ndipo malire otere amayandikira. Amalawi ndi zidzukulu zawo okhala ku Zimbabwe adaziona izi zitafika posauzana. Banki yaikulu ya dzikolo idachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu August 2006, khumi mu August 2008, ndi ena 12 mu February 2009. Chimodzi mwa zifukwa zomwe mkulu wa bankiyo, Gideon Gono, adapereka mu 2008 chidali chakuti makompyuta a m'dzikomo ankalephera kusenza maziro ochulukawo.

Nanga kompyuta ingaphatikize bwanji ziwerengero zomwe sizikwana m'bokosi lake? Yankho lake mwana wa Sitandade 3 amalidziwa. Akapatsidwa 4,786 ndi 3,657, salimbana ndi ziwerengero zonsezo nthawi imodzi. Amayambira kumanja, pa mawani: 6 ndi 7 ndi 13, alemba 3, asunga 1. Pa mateni, 8 ndi 5 ndi yosunga ija ndi 14, alemba 4, asunga 1. Pa mahandiredi, 7 ndi 6 ndi 1 ndi 14, alemba 4, asunganso 1. Pomaliza 4 ndi 3 ndi 1 ndi 8. Yankho ndi 8,443. Pa ulendo wonsewu mwanayo sadawerengepo chinthu choposa 19, ndipo sangatero ngakhale ziwerengerozo zitatalika kuchoka pa Linga kufika ku Dwambazi, chifukwa zikavuta kwambiri ndi 9 kuphatikiza 9 kuphatikiza 1. Yosunga nayo siingapose 1. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njirayi: bokosi laling'ono likukwanira, bola pakhale pepala lalitali ndi kupirira kobwereza ntchito imodzimodziyo.

Kompyuta imachita zomwezo. Imaduladula chiwerengero chachikulu m'zidutswa, chilichonse m'bokosi lakelake, n'kumaphatikiza kuyambira kumanja, ikusunga 1 pomwe pakufunika. Chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python chimangosiyana ndi mwana uja pa kukula kwa zidutswa: pomwe iye amasunga akafika pa 10, pa makompyuta ambiri amakono Python imasunga ikafika pa 1,073,741,824. Ntchitoyi si yachibwana. Makiyi a RSA omwe amateteza mauthenga a pa intaneti, kuphatikizapo a mabanki, nthawi zambiri amakhala a mabiti 2,048, chiwerengero cha manambala 617, ndipo palibe bokosi limodzi lomwe chingalowemo.

Pa nkhani imeneyi olemba mapulogalamu adapezapo masewero. Ku Kasasa, pa esiteti ya nzimbe ya Dwangwa, kuli bwalo la gofu, ndipo amene adaonererapo masewerowo akudziwa kuti wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa kwambiri kuti ulowe m'dzenje. Code golf idatenga dzina ndi lamulo lomwelo. Opikisana amapatsidwa ntchito imodzi, ndipo wopambana ndi amene walemba pulogalamu yogwira ntchitoyo ndi zilembo zochepetsetsa, kuwerengera ngakhale mipata ya pakati pa mawu. Masewerowa adatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pakati pa olemba chiyankhulo cha Perl, ndipo mu 2007 kudabadwa GolfScript, chiyankhulo chopangidwira mpikisano womwewu.

Kuphatikiza ziwerengero zikuluzikulu ndi limodzi mwa mafunso omwe amabwerabwera m'mipikisanoyi, ndipo poyamba limaoneka ngati lopanda pake. Mu Python, mzere uwu wa zilembo 14 ukukwanira:

lambda a,b:a+b

Mu GolfScript zilembo ziwiri zokha, ~+, zimawerenga ziwerengero ziwiri, kuziphatikiza ndi kutulutsa yankho. Koma kufupika kumeneku n'konyenga. Ntchito ya mwana wa Sitandade 3 ija siidathe ayi. Idalembedwa kale ndi anthu ena m'mizere yambirimbiri yobisika m'kati mwa chiyankhulocho, ndipo wampikisano akungoitana. Zili ngati munthu wodzitama kuti waphika nsima m'mphindi imodzi pomwe wangovundukula mbale yomwe mnzake wapakula.

N'chifukwa chake okonza mipikisano yotere amakonda kuletsa zida zopangidwiratu, n'kulamula kuti ziwerengero ziperekedwe ngati mndandanda wa zilembo chabe. Apa ndiye luso limaoneka. Mtima wa pulogalamu yonse ukhoza kukwana m'zilembo 20:

c,d=divmod(x+y+c,10)

Tanthauzo lake n'lakuti: phatikiza nambala yapamwamba, yapansi ndi yosunga, gawa ndi 10, chotsala ndicho ulembe, ndipo yankho la kugawako ndilo usunge. Pa 6 ndi 7 paja, 13 kugawa ndi 10 ndi 1, kutsala 3. Mzere umodzi wanyamula zonse zomwe mphunzitsi amabwereza pa bolodi teremu yathunthu. Zilembo zotsalazo zimathera pa tinthu tomwe mwana amachita osaganiza n'komwe. Makina ayenera kuuzidwa kuti ayambire kumanja pomwe zilembo zimawerengedwa kuchokera kumanzere. Ayenera kuuzidwa chochita pamene chiwerengero china n'chachifupi kuposa chinzake. Ndipo ayenera kukumbutsidwa za yosunga yomaliza: pulogalamu yoiwala zimenezi imapereka 000 ikafunsidwa 999 kuphatikiza 1, ndipo zoyesa zina zonse ikhoza kukhoza bwinobwino. Opikisana ambiri amagwera pomwepa, chifukwa chilembo chilichonse chomwe achotsa pofuna kupambana chikhoza kukhala chomwe chimagwira 1 womalizayo.

Masewerowa ali ndi phindu lake. Amakakamiza munthu kudziwa chiyankhulo chake mpaka m'ngodya, ndiponso kusiyanitsa chofunika ndi chokometsera. Koma pulogalamu ya gofu si yoti n'kuika pa ndalama za alimi a nzimbe kapena a mpunga a ku Bua, poti mawa wina adzayenera kuiwerenga ndi kuikonza, ndipo ~+ sauza munthu kanthu. Chomwe masewerowa amaulula bwino n'chakuti zilembo zitatu zomwezo, a+b, zimapereka mayankho osiyana malinga ndi komwe zalembedwa. Mu Python, 2,147,483,647 kuphatikiza 1 ndi 2,147,483,648. Mu Java, ngati wolemba wasankha bokosi wamba la mabiti 32, yankho ndi lija la kunsi kwa ziro, ndipo palibe chenjezo lililonse. Mu JavaScript, chiyankhulo chomwe chimayendetsa masamba a pa intaneti, 9007199254740992 kuphatikiza 1 imabweza 9007199254740992 yomweyo, pokhapokha wolembayo atagwiritsa ntchito mtundu wa BigInt womwe udakhazikitsidwa mu 2020. Cholakwa chachiwirichi n'choopsa kuposa choyamba chija. Ngongole ya K21 miliyoni yotulukira mwadzidzidzi aliyense aiona, koma 1 wosowa pa chiwerengero cha manambala 16 akhoza kudutsa pamaso pa owerengera ndalama onse.

Ogwira ntchito m'maofesi sakufunika kudziwa chiyankhulo chilichonse kuti akumane nazo. Microsoft Excel imasunga manambala 15 oyambirira okha a chiwerengero, otsalawo n'kuwasandutsa maziro. Kalaliki akalemba tokeni ya magetsi ya manambala 20 m'kabokosi wamba, manambala asanu omaliza amatayika ndipo sabwereranso. Nambala ya khadi ya ku banki ya manambala 16 imataya yomaliza. Mankhwala ake n'kuyamba ndi kachizindikiro ka ' kutsogolo kwa nambalayo, kapena kuuza Excel kuti kabokosiko n'ka mawu, chifukwa tokeni ndi dzina chabe, si chinthu chophatikiza. Ziwerengero za boma nazo zafika kale pa mpanda umenewu. Bajeti ya 2024/25 yomwe nduna ya zachuma pa nthawiyo, Simplex Chithyola Banda, adapereka ku Nyumba ya Malamulo mu February 2024 idali ya K5.98 thililiyoni, yomwe m'matambala ndi manambala 15 ndendende. Ngongole ya boma, yomwe idadutsa K10 thililiyoni, m'matambala ndi manambala 16.

Mabokosi ena akudzadza pakadalipano. Makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970 m'bokosi la mabiti 32, ndipo lidzafika pa 2,147,483,647 pa 19 January 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno ku Malawi. Makina atsopano adasamukira ku mabiti 64, komwe malire ake ndi 9,223,372,036,854,775,807. Mamita a magetsi aja sadakulitsidwe bokosi; adangosunthidwa poyambira, ndipo mphindi 16,777,216 zowerengedwa kuchokera mu 2014 zidzatha mu 2045.