CHIGAYO CHA PA MTAMBO: MMENE KALALIKI WA KU BOWE ANGAYAMBIRE KUMANGA PULOGALAMU POPANDA KUGULA SEVA

M'nyengo ya njala ya kumapeto kwa 2006 ndi kuchiyambi kwa 2007, anthu a m'dera la Mfumu Chakhaza, mbali ya Madisi ndi Bowe m'boma la Dowa, anaona chinthu chimene sichinali kuoneka kumidzi. Bungwe la Concern Worldwide, mothandizana ndi banki ya Opportunity International, linali kupereka ndarama kwa mabanja amene sanakolole zokwanira, ndipo bankiyo inali kubwera pa galimoto. Mai anali kutulutsa khadi lake, naika chala pa makina, ndipo makinawo atamzindikira, iye anali kulandira ndarama zake. Inali nchito yotamandika koma yolemetsa, pakuti makina anayenera kuyenda m'miseu ya matope ya dzinja kufikira kumene kunali anthu.

M'chaka chomwecho cha 2006, kampani ya Amazon ya ku America inayamba nchito yosiyana ndi imeneyi: makina akhale pamalo amodzi, ndipo munthu awabwereke pa intaneti nalipira pa ola. Ambiri sadziwa kuti gawo lalikulu la nchito yokonza njira imeneyi linachitikira m'Africa muno, ku Cape Town, ndi kagulu ka amisiri kotsogozedwa ndi Chris Pinkham. Makompyuta obwereka otere ndiwo anthu amawatcha mtambo, ngakhale kuti sali kumwamba iai. Ali pansi pano, m'nyumba zazikulu zozizira, zokhala ndi magetsi osazima ndi alonda pachipata.

Mu November 2014 kampani yomweyo inatulutsa njira ina yochedwa Lambda. Microsoft inatsatira mu 2016 ndi Azure Functions, ndipo Google ndi Cloudflare nazonso zinatulutsa zao. Njira zonsezi zimadziwika ndi dzina limodzi la serverless, ndiko kunena kuti kopanda seva. Akalaliki a Boma ndi aphunzitsi ayenera kuimva nkhaniyi, chifukwa ikhudza kagwiritsidwe ka ndarama za msonkho ndi kasungidwe ka maina a anthu.

KUGULA CHIGAYO KAPENA KUKAGAITSA

Seva ndi kompyuta imene imakhala yoyaka usiku ndi usana, kudikira kuti mafoni kapena makompyuta ena aipemphe kanthu. Ofesi yogula seva yake-yake iri ngati munthu wogula chigayo: afunika nyumba, magetsi, mmisiri wochikonza, ndi ndarama za zitsulo zikatha. Pa malo monga Bowe, pamene pfumbi la chilimwe limalowa paliponse ndipo mmisiri achita kuchokera ku Mponela kapena ku Lilongwe, katundu wotere sachedwa kukhala chokongoletsa ofesi basi. Wobwereka kompyuta pa mtambo ali ngati wochita lendi chigayo cha mnzake: za zitsulo sizimkhudza, koma alipira nthawi yonse imene chiri m'manja mwake, ngakhale tsiku limene sanagaye kanthu.

Njira ya serverless ndi ya mai wosenza ndowa ya chimanga kupita ku chigayo. Alipira za ndowa imodziyo, natenga ufa wake, nabwerera. Tsono dzinali ndi lonyenga pang'ono, pakuti seva iripo ndithu, koma ndi ya mwini chigayo. Wopanga pulogalamu amangolemba kachigawo kakang'ono kochita nchito imodzi, kamene amisiri amakatcha function, nakatumiza ku kampani. Kachigawoko kamagona osalipitsa kanthu kufikira uthenga utafika; pamenepo kamadzuka, kamachita nchito yake, ndi kugonanso. Kuyambira December 2020, Amazon imawerengera nthawi ya Lambda pa kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Chigayo chiri ndi makhalidwe ake, ndipo ichinso chiri nao. Injini imene yakhala chigonere imachedwa kulira, kotero kuti uthenga woyamba kufika patapita nthawi umayankhidwa mochedwerapo. Nchito imodzi pa Lambda siloledwa kupitirira mphindi 15. Ndipo chachikulu, chigayo sichisungira munthu ufa: kachigawo kaja kakatha nchito, palibe chitsimikizo chakuti kadzakumbukira kanthu mawa, choncho zonse zofunika kusunga zimaikidwa m'nkhokwe ina, monga imene Amazon imaitcha DynamoDB.

CHIWINDO CHAKUDA

Pali njira ziwiri zolankhulira ndi mtambo. Yoyamba ndi ya masamba a pa intaneti okhala ndi zithunzi ndi mabatani. Yachiwiri ndi ya command line, chiwindo chakuda chija chimene munthu amalembamo mau olamula, kompyuta niyankha ndi mau. Anthu ambiri amachiopa chiwindo chimenechi, naganiza kuti ndi cha akatswiri okha. Koma akuluakulu amene anatumizako telegalamu ku positi ofesi achimva msanga: mau ochepa, olunjika, ndipo kulakwitsa chilembo chimodzi kusokoneza uthenga wonse.

Kwa munthu wa kumudzi njira yachiwiriyi iri ndi ubwino wake. Masamba a zithunzi ndi olemera, amadya bandulo, ndipo netiweki ikafooka amaima pakati. Mzere wa mau ndi wopepuka. Koma ubwino woposa ndi wakuti mau olamula amalembeka m'kope. Munthu amene anadinda mabatani makumi atatu mwezi watha sangakumbukire bwino ndondomeko yake, pamene mizere isanu yolembedwa ingabwerezedwe ndi wina ali yense chimodzi-modzi, ngakhale mwini wake atasamutsidwa.

CHITSANZO CHA MVULA

Bowe ndi limodzi la madera a zaulimi a m'boma la Dowa, pansi pa chigawo cha Kasungu, ndipo mwa nchito za alangizi m'dzinja ndi kusonkhanitsa miyeso ya mvula. Mwachitsanzo, patakhala malo 20 oyezera mvula, aliwonse natumiza nambala imodzi m'mawa uli wonse, ndiye kuti pa mwezi wa masiku 30 pafika mauthenga 600. Kugulira nchito yotere seva yoyaka usiku ndi usana nkutaya chuma. Amazon imalola maitanidwe 1,000,000 a Lambda pa mwezi osalipitsa, malinga nchitozo zikhale zazifupi. Mauthenga 600 ali kutali ndi malire amenewo.

Kalaliki wofuna kuyesa ayamba ndi kutsegula akaunti, naika pa kompyuta yake zida ziwiri zaulere, AWS CLI ndi SAM CLI, pamodzi ndi chilankhulo chimodzi cholembera mapulogalamu, monga Python. Akalemba aws configure, kompyuta imfunsa makiyi ake achinsinsi ndi dera limene afuna kuti nchito yake ikakhale. Dera lapafupi ndi Malawi ndi la Cape Town, limene linatsegulidwa mu April 2020 ndipo limalembedwa af-south-1. Koma limeneli munthu ayenera kuyamba walitsegula m'akaunti yake, pakuti silikhala lotsegula lokha. Microsoft inatsegula nyumba zake za makompyuta ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, ndipo Google inatsegula ku Johannesburg mu 2024.

Kenaka alemba sam init. Chida chimfunsa mafunso owerengeka, ndi kumkonzera foda yokhala ndi pulogalamu yachitsanzo imene siichita kanthu koma kuyankha moni. M'fodamo muli fayilo yochedwa template.yaml, ndipo iyi ndiyo pulani ya nyumba: imanena kuti pakhale kachigawo kakuti, kaitanidwe pa adiresi yakuti, ndipo kaloledwe kulemba m'nkhokwe yakuti. Pano ndipo woyamba kumene ayenera kukhalitsa. Fayilo imeneyi siikhululukira mipata. Mzere ukalowa mkati mopitirira kapena moperewera, tanthauzo lisintha kapena zonse zikanika. Wanzeru ayamba watumiza chitsanzo cha moni chija monga chiri, osasintha kanthu, kuti aone njira yonse kufikira kumapeto, ndipo pambuyo pake ndi pamene asintha mizere ya Python kuti ilandire dzina la malo ndi mamilimita a mvula.

Mau otsatira ndi sam build, osonkhanitsa zonse pamodzi, ndi sam local invoke, oyesera kachigawo pa kompyuta ya mwini wake kasanatumizidwe. Kuyesera kumeneku kumafuna chida china chochedwa Docker, chimene chiri cholemera pa kompyuta yakale ndiponso chimafuna bandulo yaikulu pochikoka koyamba. Wokhala ku Bowe achita bwino kukoka zida zonsezi tsiku limene wapita ku tauni. Potsiriza alemba sam deploy --guided, nayankha mafunso, ndipo pakapita mphindi zowerengeka chiwindo chimuonetsa adiresi ya pa intaneti imene pulogalamu yake iri kudikira. Akatha kuyesa, sam delete imagwetsa zonse zimene anamanga, kuti pasatsale kanthu kolipitsa. Makampani enawo ali ndi mau ao ofanana nao: func kwa Microsoft, gcloud kwa Google, wrangler kwa Cloudflare.

Chotsala ndi mlatho wofika ku mafoni ang'ono-ang'ono a mabatani amene anthu ambiri a kumudzi ali nao. Uthenga wa SMS sufika wokha pa adiresi ija. Pafunika nambala yaifupi ndi mgwirizano ndi kampani youtumiza uthengawo pa intaneti, ndipo zimenezi ziri ndi mtengo wake wosiyana ndi wa mtambo.

Aphunzitsi a Computer Studies m'sukulu za sekondale aone kuti gawo lalikulu la nchitoyi silifuna intaneti konse. Ana angalembe kachigawo ka Python kolandira nambala ndi kubweza yankho, nakayesa m'kalasi, ndipo intaneti ifunika pa tsiku lotumiza lokha. Umboni wakuti zotere zitheka ndi zida zochepa uli m'boma lomweli la Dowa. Ku msasa wa anthu othawa kwao wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994, Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, malo ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu, ndipo pachiyambi, posowa makompyuta, ophunzira ake anali kuzolowetsa zala pa zithunzi za kiyibodi zosindikizidwa pa pepala. Mu 2017 Microsoft ndi bungwe la UNHCR anatsegula pa msasapo malo ochedwa AppFactory.

MADOLA, MAKIYI NDI MAINA A ANTHU

Mwini chigayo cha pa mtambo salandira kwacha. Akaunti imatsegulidwa ndi khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo bilu imabwera m'madola. Banki Yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Ofesi imene inakonza bajeti ya mtambo m'kwacha chaka chisanayambe ikanapeza kuti nchito yomweyo yakwera mtengo popanda kuonjezapo kanthu. Pa mauthenga 600 a mvula zimenezi sizidetsa nkhawa, koma pa nchito ya dziko lonse ziyenera kuwerengedwa bwino.

Ngozi ina iri m'kulipira pa ndowa komwe. Seva yogula ikalemedwa imaima, ndipo zothera pomwepo. Chigayo cha pa mtambo sichiima. Chimagaya zonse zimene chapatsidwa, nichiwerengera. Pulogalamu yolembedwa molakwa, yodziitana yokha mobwereza-bwereza, ingadye ndarama usiku umodzi mwini wake ali mtulo. Makiyi aja nawonso akagwera m'manja mwa akuba, iwo amayendetsa nao makina akulu pa bilu ya mwini akaunti. Nchifukwa chake amisiri saika makiyi m'kati mwa pulogalamu kapena kuwatumiza pa WhatsApp, ndipo tsiku loyamba lomwe amachera chenjezo la bajeti, lotumiza kalata ndarama zikafika pa mlingo wakuti. Koma chenjezo wamba limangochenjeza, silizimitsa makina.

Ndiponso miyeso ya mvula si chinsinsi, koma maina a ana a sukulu, manambala a ziphaso za unzika, ndi mbiri ya odwala ndi nkhani ina. Lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, laika malire pa kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko, ndipo Cape Town ndi kunja. Boma liri ndi malo ake osungira zotere: mu July 2022 linatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Kalaliki wokonda zatsopano sayenera kuika kaundula wa anthu pa mtambo wa kunja mwa nzeru zake yekha. Afunse akulu a ku dipatimenti yake polemba kalata, nasunga yankho m'fayilo. Kuphunzira ayambe ndi zinthu zopanda dzina la munthu: mvula, mitengo ya mtedza ndi soya pa msika, chiwerengero cha mabuku m'sitolo ya sukulu.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimaiwalika kawiri-kawiri m'maofesi. Wanchito wa Boma sakhalitsa pamalo amodzi. Lero ali ku Bowe, chaka chamawa kalata yamtumiza ku Ntchisi kapena ku Nsanje. Ngati akaunti inatsegulidwa ndi imelo yake ndi khadi lake, pulogalamu imasamuka naye, ndipo womlowa m'malo apeza mauthenga akupita kumene iye alibe makiyi ake. Akaunti ya nchito ya ofesi itsegulidwe m'dzina la ofesi, ndipo fayilo ya template.yaml pamodzi ndi mizere ya mau olamula zilembedwe m'ndandanda wa zosiyirana, pamodzi ndi makiyi a njinga yamoto ndi buku la miyeso ya mvula.