Banja likatha, ana amadya kwa yani?

Tikakhala pabwalo la ankhoswe kapena pakhonde la mzikiti pamene mwamuna ndi mkazi akulekana, nkhani imene imadya nthawi ndi ya katundu: malata, mbuzi, njinga, dimba. Za ana zimadza kumapeto anthu atatopa kale, ndipo kawirikawiri zimathera pa mawu akuti ana atsala ndi mayi awo. Bambo amanyamula chikwama chake, wina kubwerera kwawo, wina kukwera basi ya ku Johannesburg, ndipo kuyambira tsiku limenelo sopo, makope, yunifolomu ndi ulendo wa kuchipatala zimasanduka katundu wa mayi yekha.

M'maboma monga Mangochi ndi Machinga, kumene Asilamu ndi ochuluka, mwambo wa chikamwini unazika mizu. Ana amawerengedwa ku mtundu wa mayi, ndipo mwinimbumba, yemwe ndi mlongo wa mayiyo, amakhala ndi mawu aakulu pa iwo. Mwambowu uli ndi ubwino wake, pakuti mwana sasowa mudzi. Koma tauonanso ukusanduka pobisalira abambo amene amati popeza ana ndi a kuchikazi, awadyetse amalume awo. Mawu amenewa alibe poimira, kaya m'Chisilamu kaya m'malamulo a dziko lino.

Qur'an yolemekezeka sinasiye nkhaniyi m'manja mwa mwambo. Mu Sura Al-Baqarah, ndime 233, pakati pa ndime zokamba za kutha kwa ukwati, Allah akuika nthawi yoyamwitsa kukhala zaka ziwiri kwa ofuna kuikwaniritsa, ndipo akusenzetsa bambo wa mwanayo udindo wa chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsa. Sura At-Talaq, ndime 6 ndi 7, ikuonjezera kuti mkazi wosiyidwa ali ndi pakati asamalidwe kufikira atabereka, kuti apatsidwe malipiro ake akamayamwitsa, ndi kuti aliyense apereke molingana ndi zimene ali nazo. Apa pali chifundo ndi ukali pamodzi. Msodzi wa pa nyanja ya Malombe sakufunsidwa zofanana ndi mwini sitolo wa mu Limbe, koma onse awiri akufunsidwa. Umphawi umachepetsa mlingo wa nafaqa, yomwe ndi ndalama kapena zinthu zosamalira ana, suifafaniza.

Amayi ambiri amaopa kudandaula poganiza kuti kutero ndi kusowa ulemu. Tikumbuke Hind bint Utbah, amene anapita kwa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) kukanena kuti mwamuna wake Abu Sufyan ndi woumira ndipo sapereka zokwanira iye ndi ana. Mtumiki sanamudzudzule chifukwa chotulutsa za m'nyumba. Anamuloleza kutenga pa chuma cha mwamunayo zomukwanira iye ndi ana ake mosapyola muyeso. Ngati zinali chomwecho banja lilipo, nanga bwanji bambo atachoka pakhomo?

Kulera kumene, komwe akatswiri a Shariya amakutcha hadhana, kumayambira kwa mayi mwana akadali wamng'ono. Imam Abu Dawud analandira nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake anamusiya nafuna kumulanda mwana, ndipo Mtumiki anagamula kuti mayiyo ndiye woyenera kukhala naye malinga ngati sanakwatiwenso. Abambo ena amagwira mbali yomalizayi ndi manja awiri, nathamangira kukatenga ana akangomva kuti mayi wapeza banja lina. Koma mabuku a fiqhi ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife timatsatira, amatsogoza agogo aakazi obereka mayi asanafike kwa bambo. Mwanayo akafika pa msinkhu wozindikira, pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri, amapatsidwa mwayi wosankha kumene akufuna kukhala. Kaya asankhe kuti, chakudya chake chimakhalabe pa khosi pa bambo.

Malamulo a dziko lathu akuyenda njira yomweyo. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko likunena kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndiponso wolandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa iwo, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya analekana. Kuyambira m'chaka cha 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la mabanja la 2015 limazindikira ukwati womangidwa mwachipembedzo, choncho palibe anganene kuti nikah ya kumzikiti ili kunja kwa maso a boma. Pansi pa lamulo loteteza ana la 2010, kholo limene likulera lingathe kukapempha bwalo la milandu ya ana kuti ligamule za chisamaliro, ndipo woweruza amayang'ana mapezedwe a makolo onse awiri. Apa pali kusiyana kumene tiyenera kukudziwa: Shariya imaika nafaqa pa bambo, pamene bwalo la boma lingathe kufunsanso mayi wopeza bwino kuti aikepo dzanja. Pa nkhani ya kumene mwana akhale, bwalo limatsogoza ubwino wa mwanayo, limamva maganizo ake, ndipo limayesetsa kusalekanitsa ana a mimba imodzi. Wosowa ndalama ya loya angayambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lake kapena ku Legal Aid Bureau.

Tisaloze chala mbali imodzi yokha. Alipo amayi ndi achibale awo amene amasandutsa mwana chikwapu chobwezera, kumubisa bambo akabwera, kumuuza kuti atate wake anamutaya, ngakhale kumusintha dzina kuti atchulidwe la mwamuna watsopano. Ndime 233 ija imaletsa kuzunza mayi chifukwa cha mwana wake, ndipo imaletsanso chimodzimodzi kuzunza bambo. Sura Al-Ahzab, ndime 5, imalamula kuti ana azitchulidwa ndi maina a abambo awo enieni. Bwalo nalo limapereka kwa kholo losakhala ndi mwana ufulu womuona, pokhapokha ngati pali chiopsezo kwa mwanayo.

Pempho lathu likupita kwa mashehe ndi ankhoswe, amene amakhalapo pa tsiku lolekana. Talaka isamatsirizike pakamwa pokha. Mboni zikadali pamkeka, palembedwe pepala lonena kumene ana akhale, ndalama kapena matumba a chimanga amene bambo azipereka ndi nthawi yake, yemwe azilipira madrasa ndi sukulu, komanso masiku amene ana azikacheza kwa kholo linalo. Bambo wopita ku South Africa atchule njira imene azitumizira ndalamayo ndi m'bale wake amene aziyankha zikachedwa, ndipo pepala lina likhale kwa shehe.