Mwini Lamya Ndani: Wogula Kapena Kampani?

Pa 1 August 2014, Mtsogoleri wa dziko la Amereka pa nthawiyo, Bwana Barack Obama, anasaina lamulo lolola munthu kutsekula lamya yake ya m'manja kuti apite nayo ku kampani ina imene iye wakonda.

Bvuto linali lotere. Makampani monga AT&T ankagulitsa lamya pa mtengo wotsika, koma zokhoma, kotero kuti sizikanagwira nchito ndi kampani ina. Lamulo la chaka cha 1998, loteteza eni ake a zolembedwa, linaletsa kuthyola maloko otere. Mkulu wa Library of Congress, amene apenda lamulolo zaka zitatu ziri zonse, analola kutsekula lamya mu 2006 ndi mu 2010. Koma mu 2012 anabweza mau ake, ndipo kuyambira January 2013 wotsekula lamya yatsopano popanda chilolezo cha kampani ankaswa lamulo.

Anthu sanakhale chete. Oposa 114,000 anasaina kalata ya madandaulo yopita ku White House. Bwana Patrick Leahy anatengera nkhaniyo ku Senate, ndipo mu July 2014 nyumba zonse ziwiri za malamulo zinabvomereza.

Komatu lamuloli silinakhululukire munthu ngongole: amene anapangana ndi kampani ayenerabe kusunga panganolo. Ndiponso chilolezocho sichinali chamuyaya, popeza chinabwerera m'manja mwa Mkulu uja, amene anachiperekanso mu 2015. Phindu lake ndi ili: kampani yokweza mitengo idziwa kuti wogula angathe kuchoka, lamya yake iri m'thumba.