Ampulifaya ya M'nyumba ndi Magetsi a Kumudzi

Ampulifaya ndi makina olandira mawu ofooka kuchokera ku foni kapena wailesi n'kuwapatsa mphamvu zoyendetsera masipika. Ampulifaya yophatikiza imakhala ndi zigawo ziwiri m'bokosi limodzi: chosankhira kochokera nyimbo ndi kukweza mawu, komanso chowonjezera mphamvu. Makampani monga Marantz ndi Luxman amapanga zodula kwambiri, zomveketsa nyimbo bwinobwino m'chipinda, osati zogwedeza bwalo la chinkhoswe.

Koma kumudzi, monga ku Nsaru, Kabudula kapena Namitete, nkhani yagona pa magetsi. Ampulifaya ya mtundu wa Class A imadya magetsi ngakhale nyimbo zitasiya, ndipo imatentha zedi. Ya Class D imadya pang'ono, choncho ndiyo yoyenera banja lodalira sola ndi batire ya mavoti 12. Masipika akhale a ma ohm ogwirizana nayo, kawirikawiri 4 kapena 8, apo ayi ikhoza kupsa.