Miyala ili m'manja mwa yani?

Pa 13 July 2023 anthu opembedza adadzaza misewu ya m'mizinda ndi m'maboma ambiri a dziko lino. Mabishopu, abusa, mashehe ndi akhristu wamba adaguba limodzi pokana maukwati a amuna okhaokha ndi a akazi okhaokha, pomwe nkhaniyo idali m'bwalo la milandu lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko. Ku Blantyre amene adali patsogolo ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa. Tidaona zosowa tsiku limenelo: mkanjo wa wansembe ndi mkanjo wa shehe mumzere umodzi.

Komatu zaka zinayi zidali zisadakwane chichitikireni zoopsa ku Balaka, boma lochita malire ndi lathu la Ntcheu. Mu November 2019 Akhristu ndi Asilamu adagendana pasukulu ya M'manga, ya mpingo wa Anglican, polimbana ngati mtsikana wachisilamu angalowe m'kalasi atavala hijabu. Anthu adavulala, nyumba zopempherera zidaonongeka, ana adaleka kuphunzira. Nchifukwa chake tikufunsa, abale ndi alongo: kodi timakumbukira kuti Msilamu ndi mnansi wathu pokhapokha tikapeza wachitatu womuloza chala?

Kuno ku Ntcheu Asilamu ndi ochepa, koma palibe amene anganene kuti sawadziwa. Timagula nawo kabichi ndi kachewere pa Lizulu ndi pa Tsangano, timakwera nawo minibasi mumsewu wa M1. Ukwati ukakula kapena maliro akagwa, ambirife timaitana Msilamu kuti azinge mbuzi, ncholinga choti aliyense wobwera adye mosakayika. Mwambo umenewu ngwanzeru, ndipo sudachokere m'buku la bungwe lililonse. Chodabwitsa nchakuti munthu yemweyo, akangotsuka mpeni wake nkutembenuka, timamutchula maina onyoza pamaso pa ana athu. Mwana wake akafunsira mbeta pakhomo pathu, tisadamufunse za khalidwe lake tagamula kale. Kutali kukaphulika bomba, timamuyang'ana ngati ndiye adatchera.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Sadabwere dzulo. Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, amishoni oyamba asadafike ku Magomero mu 1861. Ansembe atatu a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, m'boma lathu lino, mu 1901, ndipo amene adawalandira ndi mfumu yachingoni Njobvuyalema, yomwe sidali Mkhristu. Akadawathamangitsa chifukwa cha chipembedzo chawo chachilendo, mbiri ya mpingo wa Katolika m'Malawi ikadakhala ina. Ndipo Arkiepiskopi Msusa yemwe uja, wa chipani chomwecho cha Montfort, adabadwira m'banja lachisilamu ku Mangochi. Mabanja athu ngolukanalukana kuposa mmene maulaliki ena amanenera.

Ena amakonda kukumbutsa za malonda a akapolo, ngati kuti Msilamu wa lero ndiye adamanga anthu magoli. Ife a kwa Gomani tichenjere ndi mfundo imeneyi, poti makolo athu nawo adali ndi nthungo ndi zishango, ndipo midzi ya Achewa idazilawa. Tikayamba kulipiritsa zidzukulu milandu ya agogo, palibe adzatsale. Sitikuiwalanso kuti chisankho cha 1999 chitatha, Bakili Muluzi atapambananso, mizikiti ingapo idatenthedwa m'chigawo cha kumpoto. Nawonso matchalitchi adaonongedwa ku Mangochi mu 2003. Moto wa chidani susankha denga.

Tsono nkhani ya amuna kapena akazi ogonana okhaokha ndiyo imatiuma pakamwa. Mipingo yambiri m'dziko muno imaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo tsamba lino silikupempha mpingo uliwonse kuti usinthe chiphunzitso chake. Malamulo a dziko nawo ngodziwika. Mu December 2009 anthu awiri adamangidwa ku Blantyre atachita chinkhoswe, mu May 2010 adagamulidwa kukakhala kundende zaka 14, kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi mkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon. Pa 28 June 2024 bwalo lija lidakana kuchotsa malamulo oletsa mchitidwewu.

Koma palibe chigamulo cha khoti, palibenso ndime ya m'Baibulo, imene idapatsa Mkhristu chilolezo chomenya munthu, kumuthamangitsa m'nyumba ya lendi usiku, kapena kumuseka pamzere wa kuchipatala mpaka athawe osalandira mankhwala. Zimenezi zikuchitika. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba mu 2018 za Amalawi amene adamenyedwa, kunyozedwa ndi kumanidwa chithandizo chifukwa chongoganiziridwa. Mawu akuti "kuganiziridwa" tiwamvetse bwino. Pamudzi umboni sukhala wofunika. Mayendedwe a mnyamata, mawu ake, kapena kuchedwa kwake kukwatira nkokwanira kuti mphekesera iyambe pachitsime, ifike kumsika, ithere m'zibakera. Ndipo munthu wothawa chipatala chifukwa cha manyazi sadwala yekha, matenda amatsala m'mudzi momwemo.

Tiwerengenso mofatsa mutu 8 wa Uthenga Wabwino wa Yohane. Amene adabwera ndi mkazi wogwidwa m'chigololo sadali achikunja. Adali anthu odziwa malembo, ndipo lamulo lidali kumbali yawo. Yesu sadanene kuti chigololo nchabwino. Adangotembenuza mlandu kuti woyamba kugenda akhale wopanda tchimo, ndipo khamu lidabalalika kuyambira akuluakulu. Ife timathamangira mawu omaliza, pomwe mkaziyo adauzidwa kuti asakachimwenso, nkuiwala kuti mawuwo adanenedwa miyala itagwa kale pansi. Wakufa salapa. Mu Luka 10 namo, amene adapatsidwa ulemu wokhala chitsanzo cha chikondi ndi Msamariya, munthu wa chipembedzo chimene Ayuda ankachiyesa chosokera. Fanizolo likadanenedwa pa Kampepuza lero, sitikukayika kuti womanga mabala akadavala kachipewa koyera ka kumzikiti, ndipo ena a ife tikadatuluka m'tchalitchi ulaliki usadathe.

Mu January 2023 Papa Francis adanena poyera kuti kukhala munthu wokopeka ndi mwamuna kapena mkazi mnzake si mlandu woti boma limangire munthu. Ambiri kuno sadagwirizane naye, ndipo ufulu wotero ali nawo. Koma ngakhale wotsutsana naye sangakane kuti munthu amene tikumukambayu ali ndi mayi ake, mwina mayi wa Mvano kapena wa Legio amene timakhala naye benchi limodzi. Mayiyo amamva tikamaseka, amamva mlaliki akamafanizira mwana wake ndi galu, ndipo amabwerera kunyumba osauza munthu aliyense chimene chikumudya mumtima. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sadaonjezepo kuti pokhapokha akhale wokusangalatsa.

Boma lino likudziwa kulandira munthu wosamudziwa. Nkhondo ya ku Mozambique itavuta m'zaka za m'ma 1980, othawa kwawo adangodumpha msewu nkupeza malo m'midzi yathu, ndipo sitidawafunse za ubatizo tisadawapatse madzi. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza ulemu wa munthu aliyense, gawo 33 limateteza ufulu wa chipembedzo, koma agogo athu adachita zimenezi malamulowo asadalembedwe.

Mkangano wa hijabu udatha pamene atsogoleri a mbali zonse adakhala pamphasa imodzi, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, ndipo mu 2021 adasainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Palibe Mkhristu adasiya Khristu chifukwa cha mgwirizanowo, palibenso Msilamu adasiya Swala. Za anthu enawa, m'mipingo yathu yambiri mphasa yotere sidayalidwebe. Timawakamba pamaguwa ndi pazikwangwani, koma ndi abusa ochepa amene adakhalapo pansi ndi mmodzi wa iwo, kapena ndi mayi ake, nkumufunsa kumene adagona usiku umene adathamangitsidwa.