Nkhunda zidaulula chinsinsi cha mphamvu m'thupi

Kodi nsima yomwe mwadya imasanduka bwanji mphamvu zogwirira khasu? Mmodzi mwa omwe adayankha funsoli ndi Hans Krebs, dokotala wa ku Germany yemwe adachotsedwa ntchito mu 1933 kaamba koti adali Myuda.

Mkuluyu adathawira ku England. Ali payunivesite ya Sheffield, ankagaya minofu ya pachifuwa cha nkhunda, inde nkhunda zomwezi, n'kumayeza mpweya womwe minofuyo inkagwiritsa ntchito. Mu 1937 adatulukira kuti m'maselo athu chakudya chimapsa pang'onopang'ono, m'ndondomeko yozungulira ngati gudumu, n'kumatulutsa mphamvu.

Magazini yotchuka ya Nature idamubwezera zomwe adalembazo, ati malo adachepa. Zidakatuluka m'magazini ina ku Netherlands, ndipo mu 1953 Krebs adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Fritz Lipmann.