Tsamba Likachita Chikasu, Onani Kaye Pamene Lili

M'munda, dothi limabisa zolakwa zambiri za mlimi. Mu ulimi wopanda dothi, uja wa hydroponics, mbewu imadya chokhacho chimene tasungunula m'thanki, ndipo chikapereŵera masamba amaonetsa m'masiku oŵerengeka. Ophunzira ambiri akaona chikasu amathamangira kuwonjezera fataleza. Ife timati yambani mwaona kuti tsamba lodwalalo lili m'munsi kapena kunsonga.

Chifukwa chake nachi. Michere ina mbewu imatha kuisamutsa m'thupi mwake: nayitrojeni, fosiforasi, potaziyamu ndi maginiziyamu. Ikachepa m'madzi, mbewu imailanda m'masamba akale nkudyetsa anthete, motero matenda amayambira pansi. Kashiamu ndi ayironi zikakhazikika m'tsamba sizichokamo. Zikasoŵa, ovutika ndi masamba ongophuka kumene.

Tiyambe ndi a m'munsi. Tsamba lonse likafwifwa mofanana, mitsempha yomwe, mbewu nkupinimbira, imeneyo ndi nayitrojeni. Mitsempha ikatsala yobiriŵira koma pakati pake pali chikasu, ganizani za maginiziyamu. Matimati amachita zimenezi kaŵirikaŵiri akayamba kulemedwa ndi zipatso, ndipo mankhwala ake ndi mchere wa Epsom. M'mphepete mwa tsamba mukauma ngati mwaŵaulidwa ndi moto, ndi potaziyamu. Fosiforasi ikachepa tsamba limadera, kunsi kwake nkufiirira, koma m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi musafulumire kuweruza: mizu yozizidwa imalephera kuyamwa fosiforasi ngakhale ilimo yokwanira.

Kunsonga nkumene alimi athu amatayira ndalama. Masamba anthete akayera, mitsempha yokha nkutsala yobiriŵira ngati ukonde, ndi ayironi. Komatu nthaŵi zambiri ayironiyo imakhala ilimo m'thanki. Chavuta ndi pH. Mbewu zambiri zimadya bwino madzi akakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo akakwera kupitirira apo ayironi siyamwika. Amene muli ku Lusaka ndi madera ozungulira, kumbukirani kuti madzi a m'zitsime zanu amadutsa m'miyala ya laimu, choncho amakweza pH ngakhale munaitsitsa dzulo. Kuthiramo ayironi ina musanapime nkungotaya. Pimani, tsitsani pH pang'onopang'ono ndi asidi wogulitsidwira ntchitoyo, kenaka dikirani. Ngati madzi anu ndi ouma mutu, funsani ayironi ya mtundu wa DTPA kapena EDDHA, imene imapirira pH yokwera kuposa ya EDTA.

Kashiamu nayo imanyenga. Imayenda ndi madzi amene tsamba likutulutsa, ndiye m'mwezi wotentha wa Okutobala, letesi akamakula mothamanga m'shedi yopanda mphepo, timasamba ta mumtima timapsa m'mphepete, ndipo matimati amada ndi kuwola kumatako. Apa chofunika ndi mthunzi, mpweya woyenda ndi madzi osadukiza. Onaninso kasakanizidwe kanu. Calcium nitrate yosasungunulidwa ndi madzi ambiri ikakumana ndi Epsom kapena fataleza wa fosiforasi, zimagwirana nkukhala nsenga pansi pa chigubu. Nchifukwa chake timasunga zigubu ziŵiri, A ndi B, nkuthira chimodzichimodzi m'thanki yodzaza.

Musanakhulupirire tsamba lililonse, tukulani mbewu muone mizu. Yathanzi ndi yoyera ndi yolimba. Ikakhala yodera, yoterera, yonunkha, ndiye kuti yasoŵa mpweya, mwina pampu inaima magetsi atathima kapena madzi atentha, ndipo mbewu yotere imaonetsa njala ya michere ingapo nthaŵi imodzi. Fataleza sangaichiritse. Tembenuzaninso tsamba: akangaude ofiira ndi nsabwe amasiya timadontho tachikasu tofanana ndi njala.

Sinthani chinthu chimodzi chokha, mulembe tsiku m'buku, apo ayi simudzadziŵa chimene chathandiza. Tsamba lopsa silibwerera, choncho yang'anani amene akuphuka pakatha sabata imodzi. Popeza pa Sabata sitigwira ntchito m'shedi, Lachisanu masana ndiyo nthaŵi yodzaza thanki, kupima pH ndi kuyesa pampu, dzuŵa lisanaloŵe.